Sukulu ya ku Mantua ndi Kubadwanso kwa Maphunziro

Mphunzitsi akafika pa mutu uja wa Renaissance m'buku la mbiri ya ku Ulaya, amapezapo maina a amisiri omveka, Leonardo da Vinci, Michelangelo ndi Raphael, ndipo ana amawaloweza monga aloweza maina a mitsinje. Mau akuti Renaissance ndi a Cifalansa, ndipo atanthauza kubadwanso. Koma buku silifulumira kunena kuti amisiri amenewa asanagwire nchito yao, panali ena amene analima munda, ndiwo ofunafuna mabuku otayika ndi aphunzitsi a ana. Ngakhale dzina lija lakuti humanist, limene anthu alichula ndi ulemu waukuru, linayamba m'kamwa mwa ophunzira a ku Italy, amene ankati umanista ponena mphunzitsi wa galamala, kalankhulidwe, ndakatulo, mbiri yakale ndi makhalidwe abwino. Linali dzina la nchito, monga mmisiri wa matabwa kapena wosula.

Tsono cinatayika nciani kuti cifunike kubadwanso? Ufumu wa Roma wa kumadzulo unatha m'caka ca 476, koma sikoona kunena kuti zaka cikwi zotsatira zinali mdima wokhawokha. Amonke m'nyumba zao za mapemphero anakopera mabuku ndi manja pa zikopa, ndipo ku Bologna, Paris ndi Oxford kunali sukulu zazikuru za malamulo, mankhwala ndi za Mulungu. Cimene cinasowa ndi ici: Cigiriki cinaiwalika pafupi konse ku Ulaya wa kumadzulo, ndipo mabuku ambiri a Aroma anatsala limodzi limodzi, ogonera pfumbi m'zipinda zimene munthu sanalowemo. Francesco Petrarca, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1304 kufikira 1374, anapeza makalata a Cicero ku Verona m'caka ca 1345. Munthu yemweyo anapatsidwa buku la Homer la m'Cigiriki, nalisunga ngati cuma, koma sanathe kuliwerenga, pakuti analibe womphunzitsa mokwanira.

Womphunzitsa anthu Cigiriki anafika Petrarca atamwalira kale. Manuel Chrysoloras wa ku Constantinople anayamba kuphunzitsa ku Florence m'caka ca 1397. Caka cimeneci ncoyenera kucisunga, cifukwa ambiri amauza ana kuti kubadwanso kunayamba pamene Aturuki analanda Constantinople mu 1453. Koma pofika nthawiyo Cigiriki cinali citaphunzitsidwa mu Italy zaka zoposa 50. Ndipo m'caka ca 1416 mlembi wina, Poggio Bracciolini, anapita ku nyumba ya amonke ya St Gall, m'dziko limene lero ndi Switzerland, napezako buku lathunthu la Quintilian, Mroma amene anali mphunzitsi wa kalankhulidwe. Kufikira pamenepo anthu ambiri anali nalo loduka-duka. M'bukumo Quintilian alangiza kuti mwana aphunzire pakati pa anzace m'sukulu koposa kukhala yekha ndi namkungwi kunyumba, kuti mphunzitsi ayang'ane mtima ndi nzeru za mwana ali yense payekha, kuti masewera ali ndi malo ace, ndiponso kuti kukwapula ana nkocititsa manyazi ndi kosapindula.

Kuwerenga malangizo otere nkwapafupi. Kuwacita ndi ana amoyo ndiyo nkhani yina. Amene anawayesa ndiye Vittorino wa ku Feltre, mudzi wa m'tsinde mwa mapiri kumpoto kwa Venice. Anabadwa m'banja losauka, napita ku Padua kukaphunzira, akudzidyetsa ndi kuphunzitsa ana a eni. Olemba mbiri yace asimba kuti pofuna masamu anapeza mphunzitsi wa mtengo wapatari, Biagio Pelacani, ndipo posowa ndarama anadzipereka kumtumikira m'nyumba mwace. Cigiriki anaciphunzira ali wamkuru ndithu, ku Venice, kwa Guarino wa ku Verona.

M'caka ca 1423 Gianfrancesco Gonzaga, mwini mzinda wa Mantua, anamuitana kuti adzaphunzitse ana ace, nampatsa nyumba yaikuru yokhala pakati pa madambo ndi mitengo, imene kale inali ya madyerero. Nyumbayo inachedwa La Giocosa, ndiko kuti nyumba ya cimwemwe. Vittorino anapeza ana a mfumu atazingidwa ndi anyamata a mabanja omveka, obvala zonyezimira, ozolowera ulesi ndi kusyasyalika. Sanafulumire. Anayamba wapenyetsetsa, kenaka anacotsa oipitsa anzao, nacotsanso ziwiya za mtengo wapatari, naika mlonda pakhomo. Mwana woyamba, Ludovico, anali wonenepa koposa muyeso ndi wolemedwa poyenda, ndipo mphunzitsi anayang'anira ngakhale cakudya cace. Munthu amene anaphunzitsapo mwana wa mfumu ya m'mudzi adziwa kuti kulimba mtima kotere sikugulidwa pamsika, pakuti amene alipira ndiye atate wa mwanayo.

Cimene cisiyanitsa sukuluyi ndi zina za m'mabwalo a mafumu ndi ici, kuti Vittorino anaumirira kulandiramo ana a amphawi amene anaoneka anzeru. Iwowa sanalipire kanthu. Anawadyetsa, nawabveka, nawagulira mabuku ndi ndarama za malipiro ace, ndipo zikatha anapita kukapempha kwa mfumu ndi kwa olemera. Nthawi zina ana otere anafika 60 kapena 70. Anadya cakudya cimodzi ndi ana a mfumu, nasunga malamulo amodzi.

Maphunziro ace anali Cilatini ndi Cigiriki, powerenga Virgil, Cicero, Livy, Homer ndi Demosthenes. Panalinso masamu, za nyenyezi ndi kuimba. Ana anawerenga mokweza, ndipo mphunzitsi anasamala kachulidwe ka mau, kaimidwe ka thupi, ndi kumveka kwa liu. Tsiku liri lonse panali kuthamanga, mpira, kulimbana kapena kukwera akavalo, ndipo m'nyengo yotentha ankapita nao ku mapiri. Mkwapulo unagwiritsidwa kamodzi kamodzi, pa mlandu waukuru wokha. Vittorino anali munthu wopembedza kwambiri, wosakwatira, ndipo sanaone kutsutsana pakati pa mabuku a anthu akale osadziwa Kristu ndi cikhulupiriro cace, ngakhale anasankha mosamala zimene ana anayenera kuwerenga. Colinga cace cinali cakuti mwana akakhale munthu wothandiza mzinda wace, kaya adzakhala woweruza, kaya msilikari, kaya wansembe. Apa ndipo pagona mtima wa nzeru ija ichedwa humanism: kukhulupirira kuti munthu angathe kuumbidwa ndi kuwerenga zimene anthu anzeru akale anaganiza ndi kucita.

Sikuti zonse zinali zoyera. Sukuluyi sinaphunzitse cinenero cimene anawo anayamwira, ngakhale Dante anali atalemba kale ndakatulo yace yaikuru m'Citaliyana zaka 100 zapitazo. Mwana anafika ku nzeru podzera pa khomo la Cilatini lokha. Ana a alimi a m'midzi yozungulira Mantua, unyinji wao, sanaone mkati mwa sukulu iri yonse. Ndipo asungwana analimo owerengeka, makamaka a banja la mfumu. Mmodzi wa iwo, Cecilia Gonzaga, anadabwitsa alendo polemba Cigiriki cokongola ali ndi zaka ngati 10. Atakula, atate wace anafuna kumkwatitsa kwa mwana wa mfumu ya Urbino, koma iye anakana, ndipo mphunzitsi wace anaima naye pamaso pa mkwiyo wa mfumu. Atate wace atamwalira mu 1444, Cecilia analowa m'nyumba ya asisteri. Mkazi wophunzira cotero analibe njira zambiri m'masiku amenewo.

Tsono amisiri aja a m'buku la mbiri alowa bwanji m'nkhaniyi? Ludovico, mnyamata wonenepa uja, analamulira Mantua kuyambira 1444 kufikira 1478. Ndiye anaitana Andrea Mantegna kukhala wojambula wa pabwalo pace mu 1460, ndipo Leon Battista Alberti anamlembera mapulani a chalichi ca Sant'Andrea, cimene khomo lace litsanzira zipata za cigonjetso za Aroma akale. Federico da Montefeltro, amene anakhala pa sukuluyi ali mnyamata, anadzakhala mfumu ya Urbino, nasonkhanitsa nyumba ya mabuku yochuka mu Italy yense; m'kacipinda kace kowerengeramo anaika cithunzi ca Vittorino pamodzi ndi ca Plato ndi ca Aristotle. Mmisiri sajambula popanda womlipira, ndipo olipirawo anafuna zinthu zonga za Aroma ndi Agiriki cifukwa maso ao anatsegulidwa ali ana, pa benci la sukulu.

Wophunzira wina, Giovanni Andrea Bussi, anafika pa nthawi ya makina. Johannes Gutenberg anatsiriza kusindikiza Baibulo lace ku Mainz ca m'ma 1455, ndipo patapita zaka 10 Ajeremani awiri, Sweynheym ndi Pannartz, anali kusindikiza mu Italy. Atasamukira ku Roma, Bussi ndiye anawakonzera mabuku a Aroma akale, kuyerekeza makope a pamanja ndi kucotsa zolakwa za okopera. M'mau oyamba a buku la Livy la 1469 anakumbukira mphunzitsi wace amene anamwerengera Livy poyamba ku Mantua.

Vittorino mwini sanaone makinawo, ndipo sanasiye buku lomveka lolembedwa ndi iye. Zimene zidziwika za iye zacokera kwa ophunzira ace ndi alendo amene anaona sukuluyo. Anamwalira pa 2 February 1446, ali wosauka, ataphunzitsa ku Mantua zaka zoposa 22. Sukulu inapitirira zaka zina m'manja mwa ophunzira ace, koma siinabwererenso pa mbiri yace yoyamba. Mmisiri Pisanello anamsulira mendulo ya mkuwa, imene makope ace asungidwa m'nyumba zoonetsera zakale ku Ulaya ndi ku America. Mbali yina kuli nkhope ya nkhalamba yoonda yobvala cisoti. Kuseri kwace kuli mbalame ya bvuwo irikudyetsa ana ace.