SIKELO YOPENDEKERA YA MUMTIMA



Nkhani yathu lero ndi ya sikelo yopendekera imene munthu ali yense ali nayo mumtima mwace. Tiyerekeze kuti mai waphikira alendo khumi. Asanu ndi anai atamanda ndiwo zace, koma mmodzi ati mcere wacepa. Kodi pogona mai uja akumbukira mau a yani? Mudziwa nokha: a mmodzi yekha uja. Mlimi adzaza nkhokwe ndi cimanga, koma mtima wace utsalira pa mzere umodzi umene ciswe cinadya. Anthu amenewa si osayamika ai. Mtima wa munthu ndi wotero: coipa cimalemera kopambana cabwino ca msinkhu womwewo.

Akatswiri a za maganizo anaifufuza nkhani imeneyi. M'caka ca 1979 Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa kuti kutaya cinthu kumawawa kopambana m'mene kucipeza kumakondweretsera, ndipo m'caka ca 1992 anayesa napeza kuti kuwawako kuli pafupi-fupi kawiri. Ndiko kunena kuti munthu wotaya K100 afunika kutola pafupi-fupi K200 kuti mtima ukhale pansi. M'caka ca 2001 Roy Baumeister ndi anzace ku America anasonkhanitsa zofufuza zambiri za ukwati, ubwenzi, ndalama ndi thanzi, ndipo pafupi-fupi ponse coipa cinaoneka kuti cimagwira mtima kolimba ndi kukhalitsa.

Nanga cifukwa cace nciani? Akatswiri ambiri aganiza kuti ndi colowa ca makolo athu akale-kale. Munthu amene anaona luzi panjira nayesa njoka anangolumpha pacabe, nafika kwao wamoyo. Koma amene anaona njoka nayesa luzi sanabwerere kumudzi. Ife tonse ndife zidzukulu za olumpha aja. Mtima wathu uli ngati mlonda wa m'munda: nchito yace ndiyo kuona anyani, osati kuwerenga cimanga cimene cabereka bwino.

Mlondayo ndi wofunika, koma tikamlola kukhala mfumu, mudzi upasuka. Mwamuna akumbukira mau amodzi okalipa a mkazi wace, naiwala zaka zonse zimene anamdwazika ndi kumlerera ana. Bambo alandira zotsatira za mayeso a mwana, maso ace agwera pa phunziro limodzi limene mwanayo walephera, ndipo asanu amene wakhoza sawachula nkomwe. Mwana wotere amafooka msanga. John Gottman, amene anapenyetsetsa mabanja ambiri ku America, anapeza kuti m'maukwati olimba, ngakhale pa nthawi ya mkangano, mau ndi macitidwe okoma amakhala ngati asanu pa cowawa cimodzi.

Tsono ticite ciani? Coyamba ndico kuzindikira. Ng'ombe ikabzikula imapindula, koma munthu akabzikula cipongwe ca dzulo amangoonda. Mukaona kuti ganizo limodzi labwera kacitatu, dzifunseni kuti, "Kodi pali cimene ndingacite pa nkhani iyi?" Ngati cilipo, monga kupepesa, kufoleranso denga kapena kulipira ngongole, sankhani tsiku locitira. Ngati palibe, nyamukani mugwire nchito ina, kapena mukaceze ndi mnzanu, pakuti maganizo otere amakula munthu akakhala yekha.

Caciwiri ndico kuika miyeso mbali yopepuka ija mwadala. M'caka ca 2005 Martin Seligman ndi anzace anapempha anthu kuti usiku uli wonse, kwa sabata imodzi, alembe zinthu zitatu zimene zayenda bwino tsikulo, pamodzi ndi cifukwa cace. Patapita miyezi 6 anthuwo anali okondwabe kopambana poyamba, makamaka amene anapitiriza okha. Zinthuzo sizifunika kukhala zazikuru. Mvula yagwa, mwana watentha thupi koma wacira, mnansi wakubwerekani khasu. Wosadziwa kulemba angazichule pakamwa banja lirikudya nsima.

Cacitatu, cabwino ca mnzanu cineneni iye alikumva. Kwathu timadziwa kutamanda munthu pamaliro pace. Tiphunzire kumtamanda akali ndi makutu.

Sindirikunena kuti tibise mabvuto. Njala ndi njala ndithu, ndipo wolakwa ayenera kudzudzulidwa. Ndirikunena kuti tiwerenge zonse, zoipa ndi zabwino zomwe, monga acitira wogulitsa woona mtima amene adziwa kuti sikelo yace ipendekera. Ndipo ngati cisoni cakhala tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kupitirira, tulo tasowa, cakudya sicikoma, nchito yaleka kugwirika, pamenepo pitani kucipatala, pakuti angakhale matenda, ndipo cithandizo cace cilipo.

Usiku uno, musanazime nyali, werengani zitatu zanu. Gonani bwino nonse.