Mlendo Amafunsa Asanafike

Aphunzitsi ndi ana nonse, lero tikambe za malonda a pa intaneti.

Mudzi wa Simonga uli kumadzulo kwa tauni ya Livingstone, pa msewu wopita ku Kazungula. Alendo ambiri amabwera m'derali kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Koma mlendo wa ku London asanakwere ndege, amayamba wafunsa Google, makina ofufuzira amene kampani yake inayamba mu 1998.

Tsono taganizani za mayi woluka madengu ku Simonga. Akalemba dzina la mudzi lokha pa tsamba lake la malonda, adzampeza ndani? Mlendo uja dzinali salidziwa. Iye amalemba "Victoria Falls" kapena "Livingstone", ndipo makinawo amafuna masamba okhala ndi mawu omwewo. Kaamba ka ichi, mayiyo alembe maina atatuwa pamodzi, m'Chingerezi chosavuta, aikepo chithunzi chooneka bwino, mtengo wa dengu ndi njira yofikira kwawo. Asakometse katundu mopitirira, pakuti wogula akakhumudwa amalemba dandaulo poyera, pamene alendo ena adzawerenga.

Aphunzitsi, tikatha kulankhula, ana ayese kulemba chilengezo cha mayiyu pa bolodi, mawu asapitirire 20.