Dzina la Lundu m'Mapepala Akale



Munthu wofuna kulondola mzere wa makolo ake amayamba wafunsa agogo, ndipo amachita bwino. Komabe agogo amakumbukira mibadwo inayi kapena isanu, kenaka mayina amayamba kulowana. Kupitirira pamenepo pamafunika mapepala. M'chigwa cha Shire muli dzina limodzi limene lingalondoledwe m'zolembedwa kwa zaka zoposa 350, ndilo la Lundu, ndipo njira imene layenda ili ndi mbuna zomwe aliyense wofufuza za banja lake adzakumana nazo.

Oyamba kulilemba anali Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete. Makutu awo anamva r pamene Mmang'anja amatchula l, choncho analemba Rundo kapena Rondo. Wansembe wachijezuiti, Manuel Barreto, m'lipoti lake la 1667 lonena za madera a mtsinje wa Zambezi, anati Rundo ndiye anali wachiwiri kwa Kalonga, amene iye anamulemba Caronga, mu ufumu wa Amaravi. Olemba mbiri amanenanso kuti mu 1622 mfumu Muzura inagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi. Wofufuza amene atsegula mabuku oterewa n'kumafunafuna dzinali pa chilembo cha L amabwerera chimanjamanja, n'kukauza anzake kuti makolo sanalembedwe, chikhalirecho ali pompo pa chilembo china.

Mbuna yachiwiri ndi kufanana kwa mayina. João dos Santos, m'buku lake la Ethiopia Oriental la 1609, anafotokoza za ankhondo otchedwa Azimba amene mu 1592 anapha akapitao a ku Sena ndi ku Tete, ndipo mfumu yawo anaitchula kuti Tondo. Tondo ndi Rundo zimamveka ngati pachibale, ndipo mtima umafulumira kuziphatikiza. Edward Alpers ndi Matthew Schoffeleers anaona kuti Azimba anali asilikali a Lundu. Malyn Newitt anatsutsa. Ngati akatswiri amene anatha zaka akuwerenga makalata a ku Lisbon sanamvane, wophunzira wa fomu 4 asathamangire kunena kuti banja lake n'lachifumu chifukwa chakuti dzina lake likumveka ngati la mfumu ina.

David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu Januwale 1859 pa sitima ya Ma Robert, nakumana ndi mfumu Tengani, imene anailemba Tingane. M'buku limene analemba ndi m'bale wake Charles, lotuluka mu 1865, mawu akuti Rundo akuoneka ngati udindo wa mfumu yaikulu yolandira msonkho wapachaka ndi nyanga imodzi ya njovu iliyonse yophedwa, ndipo amene akupatsidwa udindowo ndi Mankhokwe. Apa ndiye pali nkhani yeniyeni. Kwa Amang'anja munthu amalowa dzina. Mfumu ikagona, wolowa amachokera kuchikazi, kawirikawiri mwana wa mlongo wake, ndipo amavala dzinalo ngati chovala. Motero Rundo wa Barreto ndi Lundu wa m'zaka za m'ma 1800 ndi anthu osiyana, olekanitsidwa ndi mibadwo yambiri, ngakhale pepala likuwaonetsa ngati munthu mmodzi wosafa.

Dzina la bambo limene anthu amalemba lero pa chitupa cha unzika linadza ndi kaundula wa sukulu, wa mpingo ndi wa msonkho. Mlembi ankafunsa kuti, "Bambo ako ndani?" pomwe mbumba inkawerengedwa kwa mayi. Zotsatira zake n'zakuti mdzukulu weniweni wa nyumba yachifumu, wobadwira kuchikazi, akhoza kukhala ndi dzina losasonyeza chilichonse cha ufumuwo. Mfunda wa Phiri, umene ndi wa Lundu, unkayenderanso kwa mayi. Kwa Asena, amene amatsata kuchimuna, dzina la bambo limalondoleka mosavutirapo. Kuno kumene mitundu iwiriyi yakwatirana kwa zaka zambiri, wofufuza ayenera kudziwa msanga kuti pa m'badwo uliwonse banja linkatsata mwambo uti.

Kenaka dzina la Lundu linazilala m'mapepala. Nkhondo za ogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zinapululutsa midzi ya m'chigwa. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone anatsala kuno, nakhazikitsa maufumu awo, ndipo mayina monga Kasisi, Katunga ndi Maseya ndiwo anadzaza makalata a amishoni ndi a boma la Britain, limene linayamba kulamulira dziko lonse mu 1891. Izi sizinenedwa pofuna kutosa zilonda. Zidzukulu za onsewo lero n'zapachibale. Mfundo n'njakuti boma limalemba amene likugwira nawo ntchito, ndipo kusowa kwa dzina m'kaundula sikutanthauza kuti eniake anatha. Nthawi yonseyo dzinali linkatchulidwabe pakamwa, makamaka m'nkhani za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje, zimene Schoffeleers anasonkhanitsa m'buku la River of Blood la 1992. Dziko litalandira ufulu, boma la Kamuzu Banda linakweza Lundu kukhala mfumu yaikulu ya Amang'anja.

Banja wamba silingayembekeze kupezeka m'makalata a 1667, koma zaka zana zapitazi n'zofikirika. Ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma ku Zomba kuli mabuku amene mabwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu ndi midzi. Wopita kumeneko akumbukire kuti Nsanje ankalembedwa Port Herald, ndipo Makhuwira ankalembedwa Makwira. Ku maparishi kuli mabuku a ubatizo, amene nthawi zambiri amatchula bambo, mayi ndi mudzi, choncho amasunga mbali yachikazi imene kaundula wa msonkho anaitaya. M'masutikesi a m'nyumba muli ziphaso za amene anapita ku Wenela ndi makadi a asilikali a nkhondo ya 1939.

Zam'masutikesizi ndizo zili pangozi. Madzi osefukira a Januwale 2015 ndi namondwe wa Freddy wa Malichi 2023 anakokolola nyumba kuno kutsidya kwa Shire, ndipo pamodzi ndi mbuzi ndi chimanga panapitanso mapepala amene analibe anzake kwina. Boma limathandiza ndi ufa ndi malata, koma khadi la ubatizo la agogo silibwezedwa. Mdzukulu wokhala ndi foni ajambule pepala lililonse mbali zonse ziwiri, alembe dzinalo m'kalembedwe kalikonse kamene walipeza, afunse agogo mfunda wa mayi awo ndi mudzi umene anachokera, ndipo zithunzizo azitumize kwa m'bale wokhala kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre, mvula ya chaka chino isanayambe.