Mfuti Yakale Imanena Yokha Kumene Inacokera



M'nyumba zina za ku Libala muli mfuti za cifefe zimene makolo anasiya, ndipo masiku ano kuli anthu ofuna kuzigula cifukwa ca ukalamba wace. Tsono mwini mfuti afunsa kuti, kodi ndidzadziwa bwanji ngati yangayi ndi yeniyeni?

Musakhulupirire dzina lolembedwa pamwamba. Kale amisiri ena a ku Liège, m'dziko la Belgium, analemba W. Richards pa mfuti zocipa, kuti wogula aganize kuti wapeza ya Westley Richards wa ku Birmingham. Ambiri ananyengeka motero.

Coonadi ciri pansi. Yambani mwaona kuti m'mfutimo mulibe cipolopolo, cotsani kathabwa ka kutsogolo, mumasule mipope. Pamenepo mudzaona zidindo zazing'ono za nyumba yoyesera mfuti. Ya ku Birmingham inakhazikitsidwa m'caka ca 1813. Malemba a ELG m'kati mwa cizindikiro conga dzira atanthauza Liège, ngakhale dzina la pamwamba likhale la Cingerezi. Mau akuti NOT FOR BALL anadindidwa kuyambira 1875 kufikira 1887 pokha. Korona wokhala ndi BNP anayamba 1954, ndiye wina akakuuzani kuti mfuti yotero inayesedwa m'masiku a David Livingstone, msekeni. Onaninso nambala: ya pa mipope ilingane ndi ya pa thupi la mfuti. Zikasiyana, mfutiyo ndi yolumikiza, ndipo mtengo wace utsika.

Koma cimene cindidetsa nkhawa si ndalama ai. Mfuti zambiri zakale za ku Mangalande zinapangidwira zipolopolo za mainchi awiri ndi theka, pamene za m'sitolo lero zambiri ndi zotalikirapo. Zina ziri ndi mipope ya zitsulo zopota, yooneka mizere-mizere, imene inayesedwa ndi wonga wakuda wokha. Mukaikamo wonga wamakono, mpope ungaphulike pomwe pali dzanja lanu lamanzere. Mfuti yotere muipacike pa khoma kufikira mmisiri wodziwa ataiona.

Musaipale ndi sandipepa kuti iwale. Muzafafaniza zidindo zomwe wogula afuna. Ipukuteni ndi kansanza ka mafuta basi.

Ndipo layisensi ya atate anu si yanu. Pitani kaye ku polisi mukalembetse mfutiyo musanayambe kukamba za mtengo.

Tsalani bwino.