MAU AKUTI "MBIRI" NDI NCHITO YACE KWA MLIMI

(Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi mlangizi wa zaulimi wa ku Mulanje)

Lero ndifuna ticeze za mau amodzi amene tiwachula masiku onse, ndiwo akuti "mbiri."

Mau amenewa tiwagwiritsa nchito m'njira zitatu. Tikati, "Mnyamata uja ali ndi mbiri yoipa," tinena za makhalidwe amene anthu amdziwa nao. Tikati, "Mbiri yamveka kuti nandolo wakwera mtengo," tinena za nkhani yongoyenda pakamwa, imene mwina njoona, mwina njabodza. Koma tikati "mbiri ya mudzi" kapena "mbiri ya munda," tinena za zinthu zimene zinacitika kale ndipo zinasungidwa. Ndi cifukwa cace Bambo Samuel Ntara anacha buku lao "Mbiri ya Acewa." Kaundula ndi cinthu cina: iye angondandalika maina a anthu, pamene mbiri ifotokoza cimene cinacitika, liti ndi bwanji.

Mbiri yacitatuyi ndiyo ndifuna tiisamale. Makolo athu anaisunga m'mutu, ndipo anati mau a akulu akoma akagonera. Koma nkhalamba ikamwalira, mbiri ipita nayo kumanda ngati palibe anailemba. Ngakhale zolembedwa zifuna kusamala. M'caka ca 1919 moto unatentha maofesi a Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri akale anapsa. Nyumba yosungira makalata a Boma inadzatsegulidwa komweko mu 1947, koma zimene zinapsa sizinabwerere.

Ife a m'tsinde mwa phiri tidziwa kuwawa kwace kwa kuiwala. Mu March 1991 Napolo anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe akali m'boma la Mulanje, ndipo anthu ambiri anafa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumulanso mapiri, nakokolola nyumba ndi minda. Inu mafumu, kodi mwalemba malo amene madzi ndi miyala zinadzera? Mukapanda kulemba, patapita zaka makumi awiri mdzukulu wanu adzapatsa munthu malo omanga nyumba m'njira ya madzi yomweyo.

Cimodzimodzi ndi malire a minda. Kuno minda njocepa, anthu ngambiri, ndipo milandu ya malo siitha pabwalo. Lamulo la malo a mafumu limene tiri nalo ndi la 2016, ndipo linatsegula njira yolembetsa malo a makolo. Mfumu imene inalemba tsiku logawa munda, mboni zace, ndi mtengo kapena mwala wa m'malire, iweruza msanga ndipo anthu aikhulupirira.

Tsono inu alimi, gulani kabuku kamodzi ka ana a sukulu. M'menemo lembani zinthu zisanu izi caka ndi caka:

1. Tsiku limene mvula yobzalira inagwa, ndi tsiku limene munabzala.
2. Dzina la mbeu ya cimanga kapena nandolo, ndi kumene munaitenga.
3. Manyowa kapena feteleza amene munathira, ndi mtengo wace.
4. Mabvuto amene anaoneka, monga mbozi m'cimanga kapena cisaka m'nthoci.
5. Matumba amene munakolola, amene munagulitsa, ndi ndarama zimene munalandira.

Pakutha zaka zitatu kabukuko kadzakuuzani mbeu imene igwirizana ndi dothi lanu, ndi ngati feteleza alikubweza ndarama zace. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni madzulo. Kabukuko kasungeni m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera, kutali ndi ciswe.

Mlangizi akadzafika m'mudzi mwanu, mumuonetse mbiri ya munda wanu kuti malangizo ace akhale oyenera munda umenewo.