Mkuwa wa Makolo Sitiyeza pa Sikelo



Ku Korea, m'nthawi ya mafumu a Goryeo, kuyambira 918 mpaka 1392, amisiri ankapanga akalilole a mkuwa, ndipo ena ankaikidwa nawo m'manda. Lero ena mwa akalilolewo akusungidwa bwino ku Seoul.

Nafenso tili nazo zathu. Ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mphete za mkuwa, mikanda ndi mapale a mbale za ku China.

Koma kwathu ku Kawale ndinaona mnyamata akuika chigwinjiri cha agogo ake pa sikelo ya ogula zitsulo. Ndinangodutsa osanena kanthu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Chonde anzanga, mukaona zotere, musakhale chete ngati ine.