Kodi Mpando wa Ahedi Uli ndi Mwini Wake Kale?

Ine si mphunzitsi, ndipo ku yunivesite ndinachokako maphunziro ali pakati. Ntchito yanga ndi yolemba nyuzi. Tsono zimene ndinene pano muzimve ngati za munthu amene amadyera kufunsa mafunso.

Nkhani yathu ndi ya masukulu aja timawatcha a international, amene amaphunzitsa maphunziro a Cambridge kapena a IB. Kuno kwathu mayina odziwika ndi monga Bishop Mackenzie ku Lilongwe ndi St Andrew's ku Blantyre, ndipo ambiri a inu amene munakhalitsa kunja ana anu anaphunzira m'masukulu a mtundu womwewu ku Lusaka, Gaborone kapena Nairobi. Sindikuloza chala sukulu iliyonse. Ndikunena za chizolowezi chimene chili m'masukulu otere m'maiko ambiri: mukalowa m'kalasi ya ana ang'onoang'ono mupezamo mayi, mukapita ku sekondale mupeza amayi ndi abambo osakanikirana, koma mukagogoda pa ofesi ya wamkulu wa sukulu yonse, kawirikawiri wokuyankhani ndi bambo, ndipo bamboyo anabwera pa ndege.

Wina anganene kuti zinayamba choncho kuchokera pachiyambi. Ayi ndithu. Sukulu imene ambiri amaitenga ngati kholo la masukulu onsewa ndi International School of Geneva ku Switzerland, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1924 ndi ana 8 okha, makamaka pofuna kuthandiza mabanja a anthu ogwira ntchito ku League of Nations ndi ku ILO. Kuyambira 1929, kwa zaka pafupifupi 20, sukuluyi anaiyendetsa ndi mayi wa ku France, Marie-Thérèse Maurette. Mayiyu ankafuna kuti mwana aziphunzira m'zilankhulo ziwiri, Chifalansa ndi Chingerezi, ndiponso kuti aziyamba waona mapu a dziko lonse lapansi asanauzidwe kuti dziko lakwawo ndilo loposa onse. Anaigwira sukuluyo mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadutsa, ndipo mu 1948 analembera bungwe la UNESCO kabuku ka maphunziro olimbikitsa mtendere. Maganizo akewo ndi ena mwa amene anadzabala IB mu 1968, mu mzinda womwewo wa Geneva. Koma taonani izi: bungwe la IB linadikira mpaka 2014 kuti likhale ndi mayi woyamba pa mpando wake waukulu, Siva Kumari, amene anatumikira mpaka 2021. Zaka 46.

Choncho funso lakuti kodi mayi angayendetse sukulu yotere linayankhidwa agogo athu ali ana. Funso langa ndi lina: kodi amayi akutsakamira pati panjira yopita ku mpandowo?

Poyamba ndi pa kagawidwe ka ntchito. Mayi akaoneka kuti ndi waluso, amam'patsa udindo woyang'anira khalidwe la ana, uphungu, kapena chigawo cha pulayimale. Ndi ntchito yolemetsa, ndipo sukulu singayende popanda iyo. Koma bajeti, zomangamanga, kukambirana ndi banki, kukhala nawo pa misonkhano ya bodi, izi zimapita kwa mnzake wachibambo. Pakapita zaka khumi mpando wa ahedi ukatseguka, a bodi pa intavyu amafunsa kuti, "Kodi munayendetsapo bajeti ya ndalama zingati?" Mayi uja alibe yankho, chifukwa buku la ndalama sanam'gwiritsepo. Ndiye amalemba kuti alibe luso lokwanira.

Chachiwiri ndi momwe ahedi amasakidwira. Bodi imalemba ganyu kampani ya kunja yosaka aphunzitsi, ndipo chidziwitso cha ntchito chimanena kuti wofunsira akhale woti anakhalapo kale hedi pa sukulu ina ya international. Ngati amene anakhalapo kale ambiri ndi abambo, mndandanda udzabwera ndi abambo, chaka ndi chaka. Palinso nkhani ya banja. Bambo akalembedwa ntchito ku dziko lina, palibe amene amadabwa kuti mkazi wake wasiya ntchito yake n'kumutsatira. Koma mayi akafika pa intavyu, funso limazungulira m'mitu ya a bodi, ngakhale asalitchule, n'lakuti nanga bambo akunyumba adzakhala akutani kuno? Ngati ali wosakwatiwa, amayamba kudabwa chifukwa chake. Ngati ali wachitsikana, amawerengera miyezi ya tchuthi cha uchembere asanamve n'komwe zimene wabwera nazo.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mayi wa kuno kwathu, chifukwa iye akusenza mitolo iwiri. M'masukulu ambiri otere muli makontirakiti a mitundu iwiri. Wolembedwa kuchokera kunja amalandira nyumba, tikiti ya ndege, malo aulere a ana ake pasukulupo, ndipo nthawi zina malipiro ake amawerengedwa m'ndalama zakunja. Wolembedwa konkuno amalandira makwacha, nyumba adzionere yekha. Awiriwa amaphunzitsa silabasi imodzi, ana amodzimodzi, mayeso amodzimodzi. Wakunja amakhala zaka ziwiri, zitatu, n'kupita ku Dubai kapena Bangkok. Mayi wa ku Chilomoni kapena ku Area 25 amatsala. Iyeyo ndiye amadziwa kholo lililonse, amadziwa chimene chinachitika chaka chimene madzi anavuta, amalandira hedi watsopano aliyense n'kumuonetsa pamene pali makiyi. Hediyo akamaliza kontirakiti, mayi uja amalandiranso wina.

Maganizo akuti sukulu yabwino iyenera kutsogoleredwa ndi munthu wochokera kutali sanagwe kuchokera kumwamba. Pamene Dr Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, aphunzitsi anawatenga kunja, pokhulupirira kuti Mmalawi sangaphunzitse pamenepo. Ulamuliro uja unatha ndi riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, koma maganizo aja sanapite nawo onse. Tivomereze, abale, kuti ena amatsalira mwa ife makolo. Timalipira fizi yambiri, ndiye timafuna tikafika pageti tione nkhope yotitsimikizira kuti ndalama yathu yagula chinthu chakunja. Enanu munathawa dziko lino chifukwa chokana kuti munthu mmodzi aziganizira mtundu wonse. Kumene munali munayendetsa zipatala, makoleji ndi makampani. Zingakhale zodabwitsa kuti inu nomwe muzikayika kuti mwana wamkazi wa dziko lino angayendetse sukulu ya ana 600.

Nanga malamulo akuti chiyani? Malamulo oyendetsera dziko a 1994, gawo 20, amaletsa tsankho, kuphatikizapo loyang'ana kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo gawo 24 limanena za ufulu wa amayi. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro ake onse. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa anthu 100 alionse. Koma gawo limeneli likunena za ntchito za m'boma. Sukulu yoyima payokha silikuigwira. Kumeneko wolamula ndi bodi, ndipo m'masukulu ambiri mu bodi mumakhala makolo. Ndinu.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: ife tikufuna munthu wodziwa ntchito, za jenda sizitikhudza. Inenso ndikufuna wodziwa ntchito. Koma simungadziwe kuti mwasankha woposa onse pamene theka la aphunzitsi anu silinafike ndi pakhomo la intavyu pomwe. Ndipo sindikupempha zokongoletsa. Akuluakulu muli muno munaona ndi maso anu nthawi imene amayi ankadzaza bwalo la masewero atavala nsalu ya chipani, akutchedwa mbumba, akuvina kutsogolo kwenikweni, koma m'chipinda chogamula nkhani munalibe mawu awo. Kuika chithunzi cha mayi pa kabuku kotsatsira sukulu, kapena kugula keke pa 8 Malichi, n'chimodzimodzi.

Zimene zingasinthe zinthu ndi zazing'ono, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Ahedi akapita kutchuthi mu Julayi, kodi sukulu amasiyira yani, ndipo wosiyiridwayo amapatsidwa kalata yoti adzaonetse pofunsira ntchito? Wachiwiri kwa ahedi, ngati ndi mayi, kodi amalowa mu komiti ya zachuma, kapena amangoitanidwa mwana akalakwa? Ndalama zotumizira aphunzitsi ku maphunziro a utsogoleri, zaka zisanu zapitazi zinapita kwa yani, ndipo mwa iwo ndi angati akadali pasukulupo? Funso limeneli lokha lingakutsegulenitu maso, chifukwa kawirikawiri sukulu imasula munthu amene akunyamuka chaka chamawa, n'kusiya amene adzakhalepo mpaka kupuma ntchito. Ndondomeko ya malipiro ilembedwe poyera, kuti aliyense adziwe chimene udindo uliwonse umalandira. Kampani yosaka ahedi iuzidwe kuti mndandanda wa abambo okhaokha ubwezedwa, ndipo mawu akuti "anakhalapo kale hedi" asinthidwe kuti amene wakhala wachiwiri zaka zambiri athe kufunsira.

Ndipo mayi akaupeza mpandowo, ntchito yanu siinathe. Tsiku lidzafika loti akweze fizi chifukwa kwacha yagwa, kapena achotse mwana wa munthu wotchuka. Bambo akachita zimenezi timati ndi wolimba mtima. Mayi akachita zomwezo mauthenga amayamba kuyenda pa WhatsApp ya makolo akuti ndi wankhanza, wodzimva, udindo wam'kulira. Pamenepo wapampando wa bodi ayenera kuyimirira n'kunena kuti chigamulocho ndi cha bodi yonse. Akapanda kutero, mayiyo adzachoka pakatha zaka ziwiri, ndipo anthu adzati tinayesapo mayi koma zinakanika, mawu amene sanenedwa bambo akalephera.

Kwa aphunzitsi achimayi amene muli muno, pempho langa ndi limodzi: ntchito ikalengezedwa, lembani kalata, ngakhale pa zinthu khumi zimene akufuna muli ndi zisanu ndi ziwiri. Anzanu achibambo amalemba ali ndi zomwezo. Ndipo kwa makolo, pa msonkhano waukulu wa chaka chino, nthawi ya mafunso ikakwana, wina aimike dzanja afunse kuti pamene sukulu inasankha hedi komaliza, pa mndandanda womaliza panali amayi angati, ndipo mwa iwo Amalawi anali angati. Alembi alembe yankholo m'maminitsi.